Kwawo kwa Nthochi ya pa Msika wa Mbayani

Anthu ambiri a mu mzinda wa Blantyre alibe minda, komabe tsiku ndi tsiku mphika umakhala pamoto. Munthu atayenda pakati pa mabenchi a msika wa Mbayani kapena wa Limbe, namafunsa kwawo kwa chilichonse chimene chayalidwa, angaphunzire mapu a dziko lathu popanda kutsegula buku. Kabichi ndi mpiru zimabwera kuchokera ku Bvumbwe, kachewere ku Tsangano ndi ku Dedza, nanazi ku Mulanje, manachesi ku Mwanza, ndipo mpunga wonunkhira wa kilombero ku Karonga. Nanga nthochi kwawo nkuti? Apa ndi pamene pagona nkhani yathu lero.

Akuluakulu amakumbukira nthawi imene boma la Thyolo, makamaka dera la Thekerani, linkadyetsa mzinda uno nthochi. Koma m'zaka za m'ma 1990 m'dziko muno munabuka matenda a chisaka. Matendawa amafala ndi nsabwe za nthochi, ndiponso ndi anthu amene amagawana mbewu yodwala mosadziwa. Nthochi yogwidwa imapinimbira, masamba ake amathinana kunsonga, ndipo siibala mkoko. Mankhwala ake palibe. Mlimi ayenera kuzula phata lonse ndi kubzala mbewu yopanda matenda. Minda yambiri ya ku Thyolo ndi ku Mulanje itatha, amalonda anayamba kuoda nthochi ku Tanzania ndi ku Mozambique. Motero ndalama zimene kale zinkalipira fizi ya mwana wa ku Thekerani zinayamba kuoloka malire.

Boma lakhala likuyesa njira zosiyanasiyana. M'chaka cha 2016 linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi Strategy yolimbikitsa anthu kugula katundu wa konkuno. M'mwezi wa March 2025 linaletsa kuitanitsa zakudya zina kuchokera kunja, ndipo mu April dziko la Tanzania linabwezera potsekera mbewu za ku Malawi, kufikira pamene maiko awiriwa anagwirizana zokambirana. Phunziro lake nlosabisika: lamulo likhoza kutseka chipata, koma mkoko wa nthochi umabadwa m'munda. Makolo athu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chakudya chodalira minda ya eni chimakwera mtengo ndalama yathu ikagwa, monga tinaonera mu November 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti.

Tsono wogula wa ku Mbayani angachitepo chiyani? Choyamba, azifunsa kumene chinthu chachokera, pakuti wamalonda amaoda chimene anthu akufuna. Chachiwiri, azidya motsata nyengo: mango kumayambiriro kwa dzinja, manachesi m'nyengo yozizira, nandolo wamuwisi pambuyo pa kholola. Chipatso cha m'nyengo yake chimakhala chotsika mtengo, ndiponso kawirikawiri nchapafupi. Chachitatu, asanyoze bonongwe, chisoso, luni ndi nkhwani, ndiwo zimene zimamera m'nthaka yathu popanda mbewu yogula kunja.

Inu aphunzitsi anzanga, dimba la pasukulu lisakhale malo operekera chilango. Mwana akalima ndiwo nazigulitsa yekha, amaphunzira masamu ndi ulimi nthawi imodzi. Inunso amene mwatsiriza sukulu ndipo mukuyembekeza ntchito ya mu ofesi, dziwani kuti mzinda uno ukusowa nthochi. Malo ofufuzira za ulimi a Bvumbwe ali pafupi, ndipo alangizi a zaulimi angakuuzeni kumene mbewu yabwino ikupezeka. Nthochi yobzalidwa lero imabala patapita chaka chimodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo msika wake ulipo kale.

M'gawo lotsatira tidzaona ulendo wa mkaka kuchokera m'makola a ku Thyolo ndi ku Chiradzulu kufika m'nyumba za mu mzinda uno.