Diramu imodzi, batire imodzi, masiku 7 kumisasa

Mwezi wa Ogasiti ukafika, inu amene mumakwera minibasi muno m'Kabwe mumaziona ma Canter zodzaza matiresi, mbaula ndi matumba a unga, ana atakhala pamwamba. Amenewo ndi mabanja opita kumsonkhano wa misasa wa mpingo. Caka cino nanenso ndinapita ndi banja la amalume, kunja kwa tauni, kumalo kopanda pompi kapena waya wa malaiti.

Tinali anthu 8. Kumbuyo kwa galimoto tinakoka katirela, m'mene munali diramu ya malita 210, zigubu zisanu za malita 20, batire ndi sola. Amalume anaika diramu pamwamba pa mawilo penipeni. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, ndiye mukaika diramu kumapeto, tirela imayamba kuvina pamseu.

Tisananyamuke, amai a pabanja anacita masamu: malita 310, anthu 8, masiku 7. Munthu aliyense malita asanu ndi theka patsiku, akumwa, ophikira ndi osamba momwemo. Ife acinyamata tinangoseka.

Kuseka kunatha Lacitatu. Msuweni wanga anacapa majini awiri, ine ndinasamba kawiri cifukwa ca fumbi la mphepo ya Ogasiti. Amai atalowetsa ndodo m'diramu, inanyowa pang'ono cabe kunsi.

"Manje mwana azamwa cani?" anafunsa, akuloza mdzukulu wao wa miyezi 9 amene amamwa phala lamadzimadzi.

Pafupi panali citsime cosazama, cosavundikira, ndipo zimbudzi za msasa sizinali patali. Tonse tikukumbukira kolera ya 2023 mpaka 2024, imene inacedwetsa kutsegula masukulu m'dziko lonse. Amai anakana. Kuyambira tsikulo zigubu ziwiri zinamangidwa nsalu pa cigwiriro: izo ndi zakumwa basi, ndipo wotsegula ndi iwo okha. Madzi a pacitsime tinkathira klorini, kudikira mphindi 30, n'kutsukira mbale. Otsukira mpunga ndi ndiwo ankatsukiranso mapoto. Kusamba kunakhala kwa kabeseni ndi kansalu.

Nkhani ya malaiti nayo inatiphunzitsa. Batire ya 12V ndi 100Ah imasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 kwa ola limodzi, koma ya mtovu simuyenera kuitsitsa kupyola theka, apo ayi imafa msanga. Babu ya LED ya mawati 5 ikayaka maola anai, yadya 20 cabe. Foni nayo sidya zambiri. Koma ketulo ya mawati 2,000 ingamalize gawo lonselo mphindi 20 zisanakwane. Ndiye ciliconse cotenthetsa, ketulo, aini, citofu, ndi nchito ya makala.

Vuto linali anansi. Atangoona sola, mafoni anayamba kubwera ngati nyerere pa shuga. Amalume anaika lamulo: kuchaja ndi masana okha, dzuwa likali pa sola. Usiku batire ndi ya mababu awiri ndi foni imodzi ya mwadzidzidzi. Mnyamata wina anati tilumikize ku batire ya galimoto.

"Mwana wanga, ngati munthu adwala usiku, motoka uzaikankha ndiwe?" anatero amalume.

Sola tinkaipukuta m'mawa uliwonse, cifukwa fumbi limacepetsa mphamvu. Ndipo olo kuzizire bwanji, mbaula sinalowe m'tenti. Mpweya wa makala sununkha, koma umapha munthu ali mtulo.

Tinabwerera ndi theka la cigubu, mwana ali bwino.

Zimenezi si za kumisasa kokha. Mu 2024, cilala citatsitsa madzi ku Kariba, nyumba zambiri za ku Bwacha ndi Makululu zinasanduka misasa: malaiti maola ocepa patsiku, ndipo mapampu akaima, pompi nayo imauma. Banja limene limadziwa malita amene limamwa patsiku silidzidzimuka.

Cenjezo lina ndi lathulathu. Batire ikafa, musaiswe pakhomo kapena kuisiyira ana. M'kati mwake muli mtovu ndi asidi, ndipo tauni ino ikali kulimbana ndi mtovu umene mgodi unasiya utatsekedwa mu 1994. Ipelekeni kwa ogulitsa mabatire.

Kunyumba kwanga tsopano kuli ndodo yoimirira pafupi ndi diramu. M'mawa uliwonse ndisanathamangire minibasi, ndimayamba ndayeza.