NYUMBA ZA ALENDO KU MAPIRI A ENGLAND: NCHITO YA MLIMI CISANU CIKAMATHA

Munthu wa pa mgodi akalandira tchuthi, kawiri-kawiri amamanga katundu kupita kumudzi kwao, kumene abale amamlandira osamlipiritsa kanthu. Ku England zinthu nzosiyana. Anthu ambiri a m'mizinda yonga Manchester ndi Liverpool anabadwira m'tauni momwemo, iwo ndi makolo ao omwe, kotero kuti alibe mudzi wobwererako. Akafuna kukapuma kumidzi amabwereka nyumba ya mlimi kwa sabata imodzi kapena ziwiri, nalipira ndalama. M'nyumbamo muli makama, mbale, mapoto ndi citofu. Alendo amadziphikira okha, ndipo mwini nyumba amangowapatsa kiyi.

Nyumba zotere nzocuruka m'dera lotchedwa Lake District, kumpoto ca kumadzulo kwa England. Kumeneko kuli phiri lalitali kopambana onse m'dzikomo, Scafell Pike, la mamita 978, ndiponso nyanja ya Windermere. M'caka ca 1951 Boma linapatula dera limeneli kuti lisungidwe cifukwa ca kukongola kwace. Anthu okhalamo ali ngati 40,000, koma alendo obwera caka ciri conse amapitirira mamiliyoni 15.

Nyengo za kumeneko nzotembenuka poyerekeza ndi za kuno. M'mwezi wa December, pamene kuno mvula yagwira ndipo cimanga cikukula, kumeneko kumazizira koopsya. Madzi amaundana, mitengo yambiri imayoyoka masamba, ndipo dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Alendo amacepa, ndipo nyumba zina zimakhala zotseka kwa masabata ambiri. M'mwezi wa March usana umayamba kutalika, udzu umaphuka, maluwa acikasu amaoneka m'mbali mwa miseu. Imeneyi ndiyo nyengo ya mphukira. Pasaka amagwa pakati pa 22 March ndi 25 April, ana a sukulu amatsekera, ndipo gulu loyamba la alendo limafika. Mwini nyumba ayenera kukhala atakonzeka tsikulo lisanafike.

Kodi mlimi amadzibvutitsiranji ndi alendo? Yankho liri m'mapiri momwemo. Nthaka yace njamiyala, mvula njambiri, ndipo mbeu sizicita bwino. Coweta ceni-ceni ndi nkhosa, maka-maka za mtundu wa Herdwick, zimene zimapirira cisanu ca pamwamba pa phiri. Mlembi wa mabuku a ana, Beatrix Potter, anaweta nkhosa zimenezi, ndipo pomwalira mu 1943 anasiyira bungwe la National Trust malo oposa maekala 4,000 kuti ulimi wotere usafe. Koma ubweya wa Herdwick ngwokhakhala, ndipo mtengo wace kawiri-kawiri sukwanira ngakhale kulipira wometa. Ndiponso kuyambira mu 2021 Boma linayamba kucepetsa thandizo la ndalama limene alimi ankalandira monga mwa kukula kwa malo ao. Cifukwa cace mabanja ambiri anakonza nyumba yakale ya mbusa, kapena khola la miyala, nalisandutsa nyumba ya alendo. Pa mafamu ena ndalama za alendo ndizo zimasunga nkhosa pa phiri.

Nchito yoyamba ndiyo kufufuza zimene cisanu caononga. Madzi akaundana m'mipope amatupa nang'amba mpope, koma mng'aluwo suoneka kufikira atasungunuka. Pamenepo amadontha m'denga nanyowetsa matiresi. Mphepo imasuntha timiyala taphanthi-phanthi tofolera denga, ndipo masamba amatseka ngalande za madzi a mvula. Nyumba zambiri nza miyala, zomangidwa zaka mazana apitawo, ndipo makoma ace amasunga cinyontho. Pa mudzi wa Seathwaite mvula ya caka cimodzi imapitirira mamita atatu. Nyumba ikakhala yotseka, nkhungu imamera kuseri kwa makabati, ndipo mbewa zimaboola mabulangete. Tsono mazenera amatsekulidwa, moto umasonkhedwa masiku angapo kuti zipinda ziume, makoma amapakidwa penti, ndipo mbale, makapu ndi masupuni zimawerengedwa cimodzi-cimodzi.

Pali nchito zina zimene zimakhudza moyo wa munthu. Cumuni ayenera kusesedwa, pakuti mwaye ukaunjikana umagwira moto, ndipo mbalame zimakonda kumangamo zisa m'nyengo yomweyi. Cumuni akatsekeka, mpweya woipa wopanda pfungo umabwerera m'cipinda, ndipo ungathe kupha anthu ali m'tulo, monga mbaula imacitira m'nyumba yotseka mazenera. Ncifukwa cace eni nyumba amaika timakina tolira tikamva utsi kapena mpweya umenewo. Lamulo limafunanso kuti citofu ca gasi cipimidwe ndi mmisiri wobvomerezeka kamodzi caka ciri conse.

Bvuto lalikuru ndi lakuti nchito zonsezi zimagundana ndi kubereka kwa nkhosa. Nkhosa imakhala ndi bere pafupi-fupi miyezi isanu. Abusa a kumapiri amalowetsa nkhosa zamphongo kumapeto kwa November, kuti ana abadwe m'mwezi wa April udzu utamera. Nkhosa zazikazi zimatsitsidwa ku phiri kudza m'madambo a pafupi ndi nyumba, ndipo mbusa amaziyendera m'banda-kuca, masana ndi madzulo. Mwana wa Herdwick amabadwa wakuda bii, ndipo akanyowa ndi mvula yozizira asanayamwe angathe kufa m'maora owerengeka. Motero mai yemweyo amene anali m'khola usiku kumwetsa kamwana kamasiye ndi botolo, m'mawa ayenera kusamba, kubvala zoyera ndi kuyala makama a alendo.

Alendo amakondwa kuona tiana ta nkhosa tikudumpha-dumpha, ndipo ambiri amabwerera cimeneco. Koma akuru anati walira mvula walira matope. Munthu wa m'tauni amaiwala kutseka cipata, ndipo magulu a nkhosa amasakanizika. Wina amamasula garu wace, osadziwa kuti nkhosa ya bere ikathamangitsidwa ingathe kutaya mwana ngakhale garuyo sanailume. Kuyambira mu 1953 lamulo limalanga mwini garu wobvutitsa ziweto. Mwini nyumba wanzeru sadikira mlandu. Amalemba malangizo pa pepala nawaika pa tebulo, ndipo tsiku loyamba lomwelo amafotokozera alendo mwaulemu njira zoyendamo ndi zipata zoyenera kutseka.

Alendo akayamba kufika, tsiku lolemetsa ndi losinthana, limene nthawi zambiri limakhala Lacisanu kapena Loweruka. Ocoka amaturuka ca m'ma 10 koloko m'mawa, ndipo atsopano amafika ca m'ma 4 koloko madzulo. M'maora asanu ndi limodzi amenewo nsaru zonse za pa kama zisinthidwe, bafa ndi cimbudzi zitsukidwe, phulusa licotsedwe, nkhuni zatsopano ziikidwe. Kale mlendo wosakondwa ankangodandaula kwa anzace. Masiku ano amalemba pa intaneti, pamene anthu ambiri amasankhira nyumba, ndipo mau ace amakhalapo zaka. Mlendo ndi mame, sacedwa kucoka, koma mbiri imene amasiya imakhalitsa.

Caka ca 2001 cinaonetsa poyera kuti nkhosa ndi alendo zimadalirana. M'mwezi wa February matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi anabuka pakati pa ziweto, ndipo cigawo ca Cumbria, m'mene muli Lake District, ndico cinakanthidwa kopambana. Ziweto zoposa mamiliyoni 6 zinaphedwa m'dziko lonse. Njira za m'mapiri zinatsekedwa, alendo analeka kubwera, ndipo nyumba zokonzedwa kale zinakhala zopanda munthu pa Pasaka. Zinacitikanso mu 2020 cifukwa ca mliri wa Covid-19: anthu analetsedwa kuyenda kuyambira 23 March, ndipo nyumba za alendo zinatsekulidwa pa 4 July. Wodalira alendo ayenera kusunga kandalama ka tsiku loipa.

Palinso dandaulo la eni dera. Anthu olemera a kutali amagula nyumba za m'midzi kuti azibwereketsa, mitengo imakwera, ndipo mnyamata wobadwira pomwepo amalephera kupeza pokhala akakwatira. Ana akacepa sukulu imatsekedwa, ndipo oyeretsa nyumba za alendozo amacokera kutali. Boma layesa kuikapo malire. Kuyambira mu April 2023, nyumba ku England siwerengedwa ya malonda pa nkhani ya msonkho ngati siinali yokonzeka kulandira alendo masiku 140 pa caka, ndi kubwerekedwadi masiku 70. Kuyambira mu April 2025 makhonsolo ali ndi mphamvu yolipiritsa msonkho wowirikiza kawiri pa nyumba yaciwiri imene mwini wace sakhalamo.

Pali kusiyana tsono pakati pa nyumba ya munthu wa kutali ndi nyumba ya pa famu. Yoyambayo imacotsa banja m'mudzi, pamene yaciwiriyo imathandiza banja kukhalabe pa malo a makolo. Cimene alendo amadzera, ndico udzu waufupi wa m'mapiri, mipanda ya miyala ndi tiana ta nkhosa, ndi nchito ya manja a abusa. Abusa akacoka, zonsezo zidzatha pang'ono-pang'ono. Mlendo wofika Loweruka madzulo amapeza moto woyaka ndi kama woyalidwa bwino, ndipo ndalama imene amalipira imathandiza kugula cakudya ca nkhosa ca m'cisanu cikudzaco.