Chimene chimaimitsa wothamanga asadafike pamzere

Kwa Nzama, m'boma la Ntcheu, njira ya see njosowa. Popita kusukulu, kuchigayo kapena ku mishoni imene ansembe a Montfort adakhazikitsa mu 1901, mwana amakwera zitunda ndi kutsetsereka zigwa tsiku ndi tsiku, ndipo miyendo yake imakhwima mwiniwake asakudziwa. Koma likafika tsiku la mpikisano wa masukulu, zimene zimachitika pabwalo aphunzitsi a zamasewera amazidziwa bwino. Wenzulo ikangolira, anyamata amaliyatsa liwiro la mtondo wadooka. Akazungulira kanayi kapena kasanu, ambiri agwira m'chiuno, ena atuluka kukakhala pansi. Mnyamata amene amasenza thumba la mbatatesi mtunda wautali osatula akulephera kumaliza makilomita 5.

Oonerera amangoti alibe mtima. Akatswiri a sayansi ya masewera akhala akuufufuza mtima umenewu kwa zaka zambiri, ndipo zimene apeza n'zothandiza kuposa kunyoza.

Kale madokotala ankakhulupirira kuti munthu amaima chifukwa minofu yatheratu mphamvu. Pulofesa Tim Noakes wa ku yunivesite ya Cape Town adakayika. Ngati minofu yatheratu, nanga zimatheka bwanji kuti wothamanga amene amadzandira pa kilomita ya 40 awonjezere liwiro akangoona mzere womalizira? Mphamvuyo imakhala itabisala kuti? Noakes adati ubongo ndiwo umaisunga dala. Umachepetsa ntchito ya minofu thupi lisadafike pangozi, ndipo kutopa kumene munthu amamva ndi uthenga wochokera ku ubongowo. Akatswiri ena amatsutsana naye pa momwe zimenezi zimachitikira, koma ndi ochepa lero amene angakane kuti mutu uli ndi gawo lalikulu.

Umboni wogwirika udabwera mu 2009 kuchokera ku yunivesite ya Bangor ku Wales. Samuele Marcora ndi anzake adatenga anthu 16. Tsiku lina adawapatsa ntchito yotopetsa mutu pa kompyuta kwa mphindi 90, tsiku lina adangowaonetsa kanema kwa nthawi yomweyo. Kenako aliyense adapalasa njinga ya m'chipinda chofufuzira mpaka kulephereratu. Ataonera kanema, adapirira masekondi 754 pa avereji. Atatopetsedwa mutu, adagonja pa masekondi 640. Kugunda kwa mtima ndi zoyezedwa m'magazi sizidasiyane kwenikweni pa masiku awiriwo. Chidasintha ndi momwe ntchitoyo inkamvekera kulemera.

Nkhani imeneyi ikukhudza ana a kwa Nzama mwachindunji. Mtsikana amene wachezera kuwerengera mayeso, kapena amene kwawo kuli matenda ndipo sadagone, amafika pamzere woyambira atatopa kale, ngakhale miyendo yake ili bwinobwino. Mphunzitsi amene akufuna kuti ana ake apambane achite bwino kufunsa za tulo tawo asadafunse za nsapato.

Chosangalatsa n'chakuti kamvekedwe ka kutopako kangathe kusinthidwa. Mu 2014 gulu la Marcora lomwelo lidafalitsa kafukufuku wa anthu 24. Theka la iwo lidaphunzitsidwa kwa masabata awiri kudzilankhula mawu achidule olimbikitsa pamene zinthu zafika povuta. Atayesedwanso, adapirira nthawi yotalikirapo ndi 18 peresenti, pomwe anzawo osaphunzitsidwa sadasinthe. Mawuwo sadali a matsenga. Adali mawu amene munthu adadzisankhira yekha n'kuwazolowera pokonzekera. Wothamanga wa ku Ntcheu angasankhe ake: "ndili bwino", "pang'onopang'ono", "chitunda ichi ndimachidziwa". Chofunika n'kuwasankhiratu. Ukadikira kuti chifuwa chiyambe kutentha, mawu amene amabwera okha ndi akuti "ndasiya".

Ngakhale nkhope ili ndi mbali yake. Noel Brick wa ku yunivesite ya Ulster adayesa othamanga 24 ndipo adapeza kuti pomwetulira ankagwiritsa ntchito mpweya wocheperapo ndi pafupifupi 3 peresenti kuyerekeza ndi pamene adakwinya nkhope. Kafukufukuyo ngwamng'ono, sitingamangirepo nyumba, koma aliyense amene adaonerapo Eliud Kipchoge wa ku Kenya amadziwa kuti mkuluyu amamwetulira ululu ukafika pachimake.

Kipchoge ndiye munthu amene pa 12 Okutobala 2019 ku Vienna adathamanga marathoni, mtunda wa makilomita 42.195, mu ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40. Nthawiyo siyiwerengedwa ngati rekodi chifukwa, mwa zina, padali othamanga 41 osinthanasinthana omuwongolera liwiro. Anthu amakonda kukamba za tsiku limenelo, koma phunziro lenileni lili ku Kaptagat, kumene wakhala akukonzekerera zaka zambiri pansi pa mphunzitsi wake Patrick Sang. Kumeneko amadzuka m'mamawa pamodzi ndi anzake, amagwira nawo ntchito za pamsasa monga kukolopa, ndipo zimene wachita pa tsiku amazilemba m'kope. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimafuna ndalama zambiri.

Kope ndi gulu, zinthu ziwirizi n'zimene zimasunga chidwi. M'mwezi wa Juni, kuzizira kwa m'mapiri a Ntcheu kukafika m'mafupa, palibe amene amafuna kuvundukula bulangete m'bandakucha. Amene amadalira kufuna kwa mtima wake yekha amagonanso. Amene akudziwa kuti anzake atatu akumudikira pamphambano amadzuka. Kopelo nalo limagwira ntchito usiku woti mawa ndi mpikisano, mantha akayamba: munthu amatsegula n'kuona ndi maso ake kuti mtunda umenewu adauthamangapo kambirimbiri.

Pali luso linanso limene anyamata a pabwalo aja amasowa, kugawa mtunda. Ubongo umaopa makilomita 21 ukawaganizira onse nthawi imodzi. Othamanga odziwa amaudula: kufika pa mlatho, kufika pa mtengo uwo, kumupeza wa malaya ofiira ali kutsogoloyo. N'chimodzimodzi ndi wopalira munda waukulu amene amangoyang'ana mzere umene wagwira. Ndipo amayamba modekha, mwina modekha mochititsa manyazi, anzawo akuwasiya, chifukwa amadziwa kuti adzawapeza kutsogolo. Kudziletsa pa makilomita oyamba, anthu akukuwa kuti thamanga, n'kovuta kuposa kupirira pa omaliza.

Amalawi adaonetsa kale kuti zimatheka. Catherine Chikwakwa adatenga mendulo ya siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Grosseto, Italy, mu 2004, asadakwanitse zaka 20. Mike Tebulo adathamanga ndi kumaliza marathoni ya Olimpiki ku London mu 2012. Pa phiri la Mulanje, mpikisano wa Porters Race umatenga anthu kuchokera ku Likhubula kukwera phiri ndi kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20, ndipo udayambira pa anyamata onyamulira alendo katundu. N'zomvetsa chisoni kuti m'masukulu ambiri akumidzi kuthamanga kumakumbukiridwa sabata imodzi yokha mpikisano usadachitike, chaka chonse chili cha mpira. Maganizo sangakhwime m'masiku 7, monganso miyendo.

Koma apa m'pofunika kusamala, chifukwa si kutopa konse kumene kuli m'mutu. Pa marathoni, cha pa kilomita ya 30, shuga amene thupi lidasunga m'minofu ndi m'chiwindi amakhala atatsala pang'ono kutha. Miyendo imalemera mwadzidzidzi, ndipo mawu olimbikitsa sangalowe m'malo mwa chakudya. Mankhwala ake ndi nsima, mpunga kapena mbatata zokwanira masiku oyandikira mpikisano, komanso nthochi kapena chakumwa cha shuga m'njira. Mtsikana amene amapuma mwawefuwefu msanga kuposa kale, amene zikhatho ndi m'zikope mwake mwayera, angakhale ndi vuto la kuchepa kwa magazi, limene silachilendo kwa atsikana akatha msinkhu ndi kwa amene adwala malungo posachedwa. Kumukalipira kuti ndi waulesi n'kumulakwira.

Dziko limatamanda John Stephen Akhwari wa ku Tanzania, amene adagwa n'kuvulala bondo pa marathoni ya Olimpiki ku Mexico City mu 1968 koma adamalizabe, ali womaliza, wopambana atafika kalekale. Ulemu umenewo ngomuyenera. Komabe nkhani yake isakhale chikwapu chokwapulira mwana wa sukulu. Kupsa kwa miyendo ndi kupuma movutikira ndi zimene wothamanga amaphunzira kupirira. Kupweteka kwa pachifuwa, chizungulire, kusokonezeka mutu, kuyenda modzandira kunja kukutentha, kapena ululu wobaya pamalo amodzi a fupa umene ukukula pa sitepe iliyonse, izi ndi zizindikiro zoti aime pomwepo. Wozunguzika ndi kutentha amuike pamthunzi, amuthire madzi ozizira thupi lonse, n'kuthamangira naye kuchipatala.

Ndipo mwana amene wadzuka thupi likutentha pa tsiku la mpikisano, ngakhale akhale amene sukulu yonse ikudalira, asavale nambala. Apite kaye akayezetse malungo.