Nyumba za lendi za ophunzira ku Zomba

Nyumba za lendi za ophunzira ku Zomba ndi zipinda komanso mahositelo a anthu wamba momwe ophunzira a pa University of Malawi amakhala akasowa malo ogona pasukulupo. Mzinda wa Zomba, womwe unali likulu la dziko la Malawi mpaka mu 1975, uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 65 kuchokera ku Blantyre. Mabanja ambiri mumzindawu amapeza ndalama pochititsa lendi ophunzira.

Mbiri

Sukulu ya Chancellor College inasamukira ku Chirunga mumzinda wa Zomba mu 1973 kuchokera ku Chichiri ku Blantyre. Nthawi imeneyo ophunzira anali ochepa ndipo ankagona ndi kudya pasukulu pomwepo. M'zaka zotsatira chiwerengero chawo chinakula kwambiri koma mahositelo sanawonjezeke mofanana, choncho ambiri anayamba kufuna malo kunja. Mu 2021 makoleji omwe ankapanga yunivesiteyi anagawidwa, ndipo dzina la University of Malawi linatsalira sukulu ya ku Zomba.

Madera ndi kalipiridwe

Dera lodziwika kwambiri ndi Chikanda, lomwe lili pafupi moti wophunzira amatha kupita m'kalasi wapansi. Ena amakhala ku Matawale ndi ku Chinamwali, koma kumeneko pamafunikanso ndalama ya kabaza kapena minibasi tsiku lililonse, ndipo wochoka ku laibulale usiku amayenda mwamantha.

M'mahositelo ambiri lendi imawerengedwa pa munthu osati pa chipinda. Izi zikutanthauza kuti landilodi amapindula akaika mabedi ambiri m'chipinda chimodzi, n'chifukwa chake ophunzira awiri, atatu kapena anayi amapezeka akugona m'kachipinda koyenera munthu mmodzi. Eni nyumba ena amafuna ndalama ya miyezi ingapo nthawi imodzi. Nkhani yomwe imabweretsa mikangano kawirikawiri ndi ya holide: wophunzira amaona kuti sayenera kulipira miyezi imene ali kwawo, pamene mwini nyumba amati katundu akadali m'chipindamo. Mgwirizano ukakhala wapakamwa chabe, amene amaluza nthawi zambiri ndi wophunzira. N'chifukwa chake n'kofunika kulemberana za holide, za dipoziti ndi za amene azikonza zinthu zikawonongeka, komanso kusunga malisiti.

Moyo wa tsiku ndi tsiku

Magetsi ndi a ESCOM, ndipo kumene kuli mita yogula mayunitsi okhala m'nyumbamo amasonkherana. Apa mpamene pamabuka nkhani ya hotipuleti ndi simbi, zomwe zimatha mayunitsi msanga, moti malandilodi ena amaziletsa ndipo ophunzira amaphika pa mbaula ya makala. Madzi amachokera ku Southern Region Water Board, yomwe imadalira damu la Mulunguzi pa phiri la Zomba. Umbava wa mafoni ndi malaputopu umachititsa kuti nyumba za mpanda zikhale zokwera mtengo.

Ophunzira osowa amatha kupempha ngongole ku bungwe la boma la Higher Education Students' Loans and Grants Board, yomwe ina ndi ya fizi ndipo ina ndi yodzisamalira. Ndalamayi ikachedwa, lendi nayo imachedwa, ndipo ogulitsa chips, eni timagolosale ndi a kabaza amamva kuwawa limodzi ndi landilodi.