Phanga la Chinhoyi likusungabe dzina la Angoni

Anthu ambiri a ku Angónia amene amapita ku Zimbabwe kudzera pa Tete ndi Nyamapanda amangothera ku Harare. Koma makilomita oposa 100 kuchokera mu mzindawo, pa msewu wopita ku Chirundu, pali phanga limene mbiri yake imatchula Angoni. Phangali lili pafupi ndi tauni ya Chinhoyi, ndipo alendo amalowamo atalipira pakhomo.

Mapanga a kuno, monga a ku Chongoni m'boma la Dedza, ndi malo obisalako mvula pansi pa matanthwe olimba. La Chinhoyi ndi losiyana. Lili m'mwala wa laimu ndi dolomaiti, umene unaundana pansi pa nyanja zaka zoposa 2 biliyoni zapitazo. Mwala umenewu umasungunuka. Mvula ikamalowa m'nthaka imatenga mpweya wa m'masamba owola n'kukhala ndi kaasidi pang'ono. Madziwo amalowa m'ming'alu n'kumadya mwalawo pang'onopang'ono mpaka mng'alu kusanduka chipinda.

Denga la chipinda china linagwa kalekale. Panatsala chidzenje chotchedwa Wonder Hole, chakuya mamita oposa 40. Pansi pake pali dziwe la madzi oyera mbee, ooneka obiriwira ngati thambo. Madziwa sasintha, kaya ndi m'Juni kaya m'Okutobala: amakhala pa madigiri 22. Akatswiri osambira pansi pa madzi atsikamo mamita oposa 100.

M'chigawo cha mdima chotchedwa Dark Cave, miyala ina imalendewera kudenga ngati mawere a ng'ombe. Dontho lililonse likamagwa limasiya kalaimu kochepa, ndipo pamapita zaka makumimakumi kuti mwala utalike msinkhu wa chikhadabo. N'chifukwa chake mlendo wothyola kachidutswa kuti akaonetse kwawo amawononga chinthu chimene ngakhale zidzukulu zake sizidzachiona chitameranso.

Mumdimamo mumagona mileme. Imatuluka madzulo kukadya tizilombo touluka, ndipo ndowe zake zimadyetsa tizilombo tina tokhala m'phangamo. Kunja, m'nkhalango yozungulira, muli anyani, apusi ndi mbalame zamitundumitundu.

Nanga Angoni akulowapo bwanji? Eni dera, Ashona, amatcha dziwelo Chirorodziva, kutanthauza dziwe la anthu ogwa. Makolo awo amasimba kuti m'zaka za m'ma 1830 Angoni, ali pa ulendo wopita kumpoto, anathira nkhondo anthu okhala pafupi ndi phangalo n'kuwaponya m'dziwemo. Nthawi yake ikugwirizana ndi ulendo wa Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi cha ku Zumbo mu Novembala 1835, tsiku la kadamsana. Angoni a Maseko, amene pambuyo pake anakhazikika ku Domwe, anali gulu lina loyenda palokha. Patapita zaka, mfumu Chinhoyi ndi anthu ake ankathawira m'phanga lomwelo pobisalira nkhondo za Amandebele, ndipo tauni ija inatenga dzina lake.

Lero malowa amasamalidwa ndi bungwe la boma la Zimbabwe loona za nkhalango ndi nyama zakutchire. Mngoni wa ku Ulongwe kapena ku Domwe akafikako amalandiridwa ngati mlendo wina aliyense. Koma akaima m'mphepete mwa dziwelo ndi bwino adziwe kuti dzina la mtundu wake limakumbukika pamenepo, ndiponso chifukwa chake.