Vinyo amene mfumu idamuthamangitsa

Ambiri a ife timakhulupirira kuti vinyo wofiira weniweni ndi uja wakuda bii, woti tambula imodzi yokha mutu wayamba kale kulemera. Wina akatulutsa botolo la vinyo wofiirira pang'ono, timanong'onezana kuti am'thira madzi. Amangwetu, pamenepa timalakwa, ndipo mboni yake ndi vinyo wa ku Beaujolais.

Beaujolais ndi dera la timapiri kumpoto kwa mzinda wa Lyon ku France. Vinyo wofiira wa kumeneko amachokera ku mphesa zotchedwa Gamay, zakuda khungu koma zoyera madzi. M'chaka cha 1395, Philippe le Hardi, yemwe ankalamulira dera la Burgundy, adalamula kuti mipesa ya Gamay izulidwe, ati ndi mbewu yoipa ndi yosakhulupirika. Mlandu wake? Inkabereka kwambiri, ndiye alimi adayamba kuikonda kuposa Pinot Noir, mphesa imene iye ankanyadira. Gamay idakapeza malo chakumwera, m'nthaka ya miyala ya ku Beaujolais, n'kukhazikika. Choseketsa n'chakuti m'chaka cha 1999 asayansi adapeza kuti Gamay ndi mwana wa Pinot Noir yemweyo. Mfumu idathamangitsa mwana pofuna kuteteza kholo!

Nanga amakoma bwanji? Mukam'nunkhiza mumamva zipatso zofiira ngati sitiroberi, ndipo akakhala watsopano mumamvanso kafungo ka nthochi. Mkamwa amawawasa pang'ono, koma samata lilime monga ichitira nthochi yosapsa kapena tiyi wovinikidwa nthawi yaitali. Chinsinsi chili pa kapangidwe. Ambiri kumeneko safinya mphesa poyamba. Amathira mphesa zathunthu m'thanki, kuwira n'kuyambira mkati mwa chipatso. Potero khungu silitulutsa kwambiri zinthu zomata mkamwa zija.

Kupepukaku ndiye kumam'patsa ubale ndi chakudya. Anthu a ku Lyon amamwera soseji, nyama yankhumba, nkhuku yootcha ndi tchizi, poti kuwawasa kuja kumatsuka mafuta mkamwa. Pa tebulo lathu kuno angayende bwino ndi nkhuku ya lokolo, kanyenya, ngakhalenso nsomba yootcha, imene vinyo wolemera amaikwirira. Musanatsekule, muikeni m'filiji kwa theka la ola afike pa madigiri 13 kapena chapomwepo. Vinyo ameneyu akafunda amasanduka wozizira mtima.

Tsopano anzanga a geni, tcherani khutu. Mu 1951 malamulo adalola kuti vinyo watsopano wa chaka chomwecho, wotchedwa Beaujolais Nouveau, azigulitsidwa mu November, patangopita milungu yochepa chikololereni. Kuyambira 1985 tsiku lake ndi Lachinayi lachitatu la mweziwo. Amalonda monga Georges Duboeuf adalisandutsa tsikuli chikondwerero, mabotolo n'kumakwera ndege mpaka ku London ndi ku Tokyo. Mlimi ankalandira ndalama zake Khirisimasi isanafike. Ndani akadakana?

Koma kuthamanga sikufika. Aliyense adafuna kutapako, vinyo wochita kuthamangitsa adadzaza msika, ndipo ogula adayamba kuyesa kuti Beaujolais yense ndi wachabechabe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 malonda adagwa, vinyo wambiri adasowa womugula, minda ina idazulidwa. Ngakhale madera 10 opanga vinyo wapamwamba, monga Morgon, Fleurie ndi Moulin-à-Vent, adadetsedwa nawo dzina pa mlandu wa ena. Amene adalitsuka dzinalo ndi alimi odekha ngati Marcel Lapierre wa ku Morgon, omwe adabwerera kukasamala mpesa m'munda m'malo mothamangira msika.

Ndiye inu wogula, werengani chaka pa botolo. Nouveau ndi womwa m'miyezi yochepa, pomwe Morgon wabwino angathe kudikira zaka zisanu. Inunso a shopu, musam'yanike pawindo kuti akope anthu. Dzuwa la October limapha vinyo wotere botolo lili chitsekere. Kasitomala mukam'gulitsa vinyo wakufa sabwera kudzadandaula, amangosiya kubwera. Philippe le Hardi ndi lamulo lake adalephera kupha Gamay, koma phuma la amalonda lidatsala pang'ono kutero.