Anabwera ndi satifiketi, anapatsidwa mfuti

MECANHELAS: Pa Entre Lagos, pamene njanji yochokera ku Nacala ndi Cuamba imadumpha malire kulowa ku Nayuchi m'dziko la Malawi, anthu anazolowera kuperekeza ana awo opita kusukulu zakutali. Masiku ano ulendowo utha kufika patali koposa. Wophunzira wa pa yunivesite atha kukakhala semestre imodzi m'dziko lina, akuphunzira m'kalasi ndiponso kuchita estágio, ndiye kuti kuphunzira ntchito ndi manja pa kampani, pa chipatala kapena pa munda wa kafukufuku.

Nkhani yotere ikafika pakhomo, funso loyamba la makolo limakhala la ndalama za ulendo. Koma mbiri ya dziko la Moçambique ikusonyeza kuti pali funso lina lofunika kuposa limenelo. Funsolo ndi lakuti mwanayo akadzabwera, pepala limene watenga kunjako lidzalandiridwa kuno kapena ayi.

Mu 1979 boma la Moçambique ndi boma la Jeremani wa Kum'mawa, dziko limene ambiri amalidziwa ndi dzina loti RDA, anasainirana pangano la ubwenzi. Potsatira ubwenziwo, mu 1982 ana pafupifupi 900 a zaka zapakati pa 12 ndi 14 anasankhidwa m'zigawo za dziko lino n'kutumizidwa ku tauni ya Stassfurt, pafupi ndi mzinda wa Magdeburg. Kumeneko anawamangira sukulu yawoyawo yotchedwa Escola da Amizade. Ambiri mwa iwo anali anyamata, atsikana anali pafupifupi 200. Nthawi imeneyo nduna ya zamaphunziro anali mayi Graça Machel, ndipo ana ena anali atayamba kale kupita ku zilumba za Cuba kuchokera mu 1977.

Ku Stassfurt anawo anaphunzira m'kalasi zaka zinayi, m'chinenero cha Chijeremani, koma analinso ndi aphunzitsi ochokera kwawo kuti asaiwale Chipwitikizi ndi mbiri ya dziko lawo. Zaka ziwiri zomaliza anazithera m'mafakitale, akuphunzira ntchito monga zamagetsi ndi zokonza makina. Cholinga cha boma chinali chakuti akabwera adzayendetse mafakitale a boma.

Moyo wa kunjako unali ndi zokoma ndi zowawa zomwe. Chakudya, zovala ndi mabuku zinalipo, pamene kwawo kunali nkhondo ndi njala. Koma analinso kutali ndi makolo awo kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anthu ena a m'tauniyo sankawafuna chifukwa cha khungu lawo. Mu September 1987 mmodzi wa ophunzirawo anafa ataponyedwa mumtsinje wa Bode pa mkangano ndi achinyamata a kumeneko.

Pamene anabwerera kumapeto kwa 1988, anapeza dziko litasintha. Pulezidenti Samora Machel, amene anawatuma, anali atamwalira pa ngozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 October 1986. Kuyambira mu 1987 boma linali litayamba ndondomeko yatsopano ya zachuma yotchedwa PRE, ndipo mafakitale amene anawakonzera anali ofooka, ena osagwira n'komwe ntchito. Nkhondo inali itakula. Ambiri mwa achinyamatawo atangotsika ndege anatengedwa kupita ku usilikali. Atatuluka usilikaliwo anapeza kuti masatifiketi awo sakulandiridwa monga momwe ankayembekezera, ndipo dziko limene linawapatsa mapepalawo linali litatha pa 3 October 1990, pamene Jeremani anakhalanso dziko limodzi. Ena anadzipezera ntchito chifukwa cha luso la manja ndi chinenero chimene anaphunzira, koma ambiri anayambiranso pansi.

Anthu a m'boma la Mecanhelas vuto la pepala losalandiridwa amalidziwa, ngakhale sanakwere ndege. Pa nthawi ya nkhondo anthu oposa miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi, ndipo a kuno ambiri anangodutsa malire kulowa ku Machinga. Ana awo analowa sukulu kumeneko, ena n'kuphunzira m'Chingerezi ndi m'Chichewa. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, mabanja anabwerera ndi ana odziwa kuwerenga ndi kulemba, koma ofesi za kuno zimafuna Chipwitikizi. Ngakhale lero, amene ali ndi satifiketi ya MSCE ya ku Malawi ayenera kupempha kaye equivalência ku boma asanaigwiritse ntchito kuno, ndipo zimenezi zimafuna nthawi, ndalama ndi maulendo.

Zinthu tsopano zinasintha ndithu. Kuchokera mu 1999 ku Cuamba kuli sukulu ya zaulimi ya Universidade Católica de Moçambique, ndipo Universidade Lúrio ili ndi sukulu ya zaulimi ku Unango, m'boma la Sanga. Mwana wa ku Insaca atha kufika pa yunivesite osatuluka m'chigawo cha Niassa. Akafuna kukaona kunja, amapita ali wamkulu, kwa miyezi yowerengeka, dzina lake lili m'kaundula wa sukulu ya kwawo. Kusiyana kwake ndi ana a 1982 kuli pamenepo.

Komabe akulu anati safunsa anadya phula. Wophunzira asananyamuke ayenera kukhala ndi kalata yochokera ku yunivesite yake yonena kuti maphunziro a semestre imeneyo adzawerengedwa akabwera, kuti asadzabwereze chaka. Ayenera kudziwa amene adzalipira ulendo, malo ogona ndi chipatala, ndiponso ngati bolsa imene walonjezedwa ikukwanira miyezi yonse. Malo a estágio ayenera kudziwika dzina, ndipo pomaliza atenge kalata yosainidwa ndi kudindidwa yofotokoza ntchito imene anachita. Pasipoti yake asaipereke m'manja mwa munthu wongokumana naye amene akulonjeza sukulu kunja.

Palinso funso lakuti akukaphunzira chiyani. Boma la Mecanhelas limadalira mpunga, chimanga ndi nsomba za m'nyanja za Chirua ndi Chiuta, zimene limagawana ndi Malawi. Nyanja ya Chirua inauma mu 1995, matemba ndi milamba n'kusowa mbali zonse ziwiri za malire. Wophunzira amene angakakhale miyezi ingapo pa sukulu yonga ya Bunda, pafupi ndi Lilongwe, n'kuphunzira za nsomba, nthaka ndi madzi, atha kubwera ndi nzeru yogwira ntchito pakhomo pomwe, m'chinenero chimene asodzi ndi alimi amamva.

Ana a ku Stassfurt aja tsopano ndi anthu a zaka zoposa 50, ena ali ndi zidzukulu. Iwo sanafunsidwe zambiri pamene ankanyamuka, ndipo makolo awo analibe pofunsira. Makolo a lero ali ndi mwayi wofunsa mwana asanakwere galimoto.